Chitseko cha Bambo

1. Fungo la utsi

Lachisanu limenelo ntchito zinali zomwezija. Kukoleza mbaula. Kuwiritsa mabotolo a mwana. Kuwalongedzera amayi buledi ndi khofi, poti iwo amanyamuka kusanache kupita kunyumba yosungirako okalamba kumene amachapa zofunda. Kumusambitsa Heidi, kumudyetsa phala, kenako kupukuta phala limene wapaka kukhoma. Ukamaliza pamenepo matewera akukudikira, ndipo matewera sadziwa kuti munthu watopa.

Ine ndine Rhonda Koskela. Ndili ndi zaka 19. Sukulu ndinalekeza kutatsala chaka chimodzi kuti ndimalize, ndili ndi mimba ya Heidi. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni ayi. Ndikungofuna mudziwe kuti za mlongo wanga Curtis sindinazitulukire ndi nzeru za m'mabuku. Ndinazitulukira chifukwa wochapa pakhomo pathu ndine.

Malaya a mwana wa sukulu amanunkha choko ndi thukuta. Malaya a Curtis, chiyambire Januwale, ankanunkha utsi wa nkhuni. Kusukulu kwawo kulibe mbaula ya nkhuni. Mulu wathu wa nkhuni nawo unkatsika msanga kuposa mmene ine ndinkasonkhezera.

Ndiye Lolemba kunabwera kalata yochokera kwa aphunzitsi aakulu. Inati Curtis Koskela, wa zaka 16, wajomba masiku 31. Abwere ndi munthu wamkulu wa pakhomo Lachisanu 2 koloko masana. Akapanda kufika, dzina lake lifufutidwa m'kaundula wa sukulu.

Kalatayo sindinawaonetse amayi. Chimwalirire bambo zaka zitatu zapitazo, amayi amayenda ngati munthu wonyamula mbale yodzaza msuzi, woopa kuti wina angamugunde. Ine ndinawagunda kale kamodzi. Sindinafune kuti Curtis awagunde kachiwiri.

Ndinadikira mpaka Lachinayi. Atalowa pakhomo ndi chikwama chake, ndinamutsekera njira.

"Iwe Curtis, umapita kuti m'mawa uliwonse?"

"Kusukulu. Kodi simundiona ndikutuluka?"

"Kutuluka ndimakuona. Koma kusukulu kwanuko ayamba liti kuphunzitsa kuwamba nsomba?"

Ananunkhiza mkono wa malaya ake, n'kuyang'ana kumbali.

"Upolisiwu munayamba liti, achemwali?"

"Tsiku limene ndinayamba kuchapa makabudula ako. Tawerenga ichi."

Anawerenga ataima, n'kundibwezera kalatayo ngati ndi ya munthu wina.

"Mawa tipita limodzi," ndinatero. "Pofika 12 koloko ukhale pano, utasamba."

"Ndamva."

M'mawa mwake kunali kamvula, kachiwiri pa sabata imeneyo. Chipale chofewa chonse chimene chimakuta dera lathu nyengo yozizira chinali chitasanduka phala. Curtis anavala jekete n'kuti, "Ndikubwera, ndikatenge mabuku anga kumene ndinawasiya." Ndinamulola. Mwana wa sukulu sangapite kwa aphunzitsi aakulu chimanjamanja.

Cha m'ma 9 koloko mvula inakata, ine n'kuyanika matewera. Posakhalitsa mphepo inatembenuka, n'kuyamba kuchokera kumpoto. Pamene ndinkatulukanso, matewera aja anali atauma gwa ngati malata, akuwombana pachingwe.

12 koloko inakwana. Curtis sanabwere.

2. Amalume Arvo

Ndinamufunditsa Heidi mabulangete awiri n'kuthamangira kwa amalume Arvo, mlongo wawo wa amayi. Amakhala m'mphepete mwa nyanja. Ndi munthu wa zaka zoposa 60, wodula mitengo moyo wake wonse, ndipo khutu limodzi linagontha ndi phokoso la macheka.

Ndinawapeza akumwa khofi. Ndinawafotokozera mwachidule, mwana ndikumupereka kwa akazi awo.

"Utsi wa nkhuni?" anatero. "Ha! Ndiye ndi iyeyo. Ine ndakhala ndikuona utsi pa kanyumba kobiriwira ka malemu bambo ako. Ndinkati mwina munabwereketsa."

Nyanja yathu ikaundana, amuna amakokerapo tinyumba tawo tamatabwa kuti aziwedza kudzera pabowo la pansi. Ka bambo amakakokera pamenepo ndi amalume, Disembala aliyense, ngakhale palibe amene amawedzamo. Ndi amayi amene amapempha. Akamachokera kuntchito amaimitsa galimoto pamsewu wa kugombe, n'kukayang'ana pang'ono, kenako n'kumabwera kunyumba.

Amalume anasuzumira pawindo.

"Lero utsi kulibe," anatero. Anaika kapu pansi. "Tenga fulasiki iyo. Tenga ndi masokosi ouma. Galimoto sitikwera nayo panyanja, pamwamba pauma koma pansi pake pali madzi. Tiyenda wapansi."

Anaika chitsulo chogumulira ayezi ndi macheka a injini pa kangolo kokoka, n'kundipatsa chingwe chimodzi. Tinayenda mphindi makumi awiri. Paliponse pamene tinkaponda pankaphwanyika, phazi n'kulowa m'madzi ozizira. Amalume sanasiye kuyankhula.

"Ana inu mumaona ngati kanyumba ka panyanja n'kongolowamo n'kukoleza moto. Kanyumba kaja amakakweza pa zipika za mitengo. Kukangofunda pang'ono, umapita ndi chitsulo, n'kukatukula, n'kuwonjezera zipika. Ukapanda kutero kamamira. Tsono munthu akamasonkha moto tsiku ndi tsiku, ayezi wa pansi amasungunuka masana, usiku n'kuundananso, ndipo kanyumba kamatsika pang'onopang'ono. Mwini wake sazindikira. Iye amangomva kufunda. Bambo ako ankati kanyumba kosatukulidwa ndi bokosi la maliro lokhala ndi mbaula. Ndinamuphunzitsa ndine zimenezo, iye n'kumazinena ngati zake."

3. Pawindo

Kanyumba kaja tinakapeza katamira mpaka pafupifupi m'mawondo. Mvula ya m'mawa inali itaundana pa makoma onse, ndipo kankanyezimira ngati kakutidwa ndi galasi. Chitseko sichinkaoneka pamene chayambira ndi pamene chathera.

Ndinamenya khoma ndi chibakera.

"Curtis! Iwe Curtis!"

Kawindo kake n'kakang'ono, kukula ngati buku. Kanatseguka movutikira, ndipo panatulukira theka la nkhope. Milomo yake inali yotuwa.

"Chitseko chakana," anatero. "Ndakankha, ndamenya ndi phewa. Nkhuni zatha kalekale."

"Mabuku aja wawapeza?"

"Ndawapeza. La masamu ndasonkhera moto."

"Chitsiru iwe!" Ndinamupatsira fulasiki ndi masokosi pawindo pomwepo. "Vula zonyowazo. Imwa pang'onopang'ono, usadziwotche."

Amalume anazungulira kanyumba konse, akugogoda ndi chitsulo. Makoma onse bambo anawakutira ndi malata. Chamatabwa okhaokha chinali chitseko. Atamaliza anabwera pawindo, n'kuyang'ana wotchi yawo.

"Mphwanga, tamvera. 1 koloko yangodutsa. Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kugumula ayezi ndi chitsulo kuzungulira chitseko chonse, pang'onopang'ono. Chitseko chipulumuka, koma ndi ntchito ya maola awiri kapena kuposa. Kusukulu uiwaleko. Kapena ndilize macheka, ndidule bowo pakati pa chitseko. Mphindi zisanu uli panja."

"Chitseko ayi," Curtis anayankha msangamsanga. "Musachikhudze."

Ndinadziwa chifukwa chake. Mkati mwa chitseko chimenecho bambo ankalembamo ndi pensulo. Nsomba iliyonse yaikulu, tsiku lake ndi amene waigwira. Msinkhu wathu chaka ndi chaka, mzere wanga ndi mzere wa Curtis. Bambo sanali munthu wolemba makalata. Zolemba zawo zonse zimene tili nazo zinali pa thabwa limenelo.

"Gumulani ndi chitsulo, amalume," anatero. "Ine sindikuthamangira kulikonse."

"Iwe, wamva zimene zili m'kalata?" ndinakuwa. "Akufufuta!"

"Afufute. Adzafufuta dzina la munthu amene sanamuonepo."

"Ukunena chiyani?"

Anamwa khofi, kapu ikugunda mano.

"Mwezi wa Novembala ndinasiya kuyankhula kusukulu. Dala. Ndinkafuna ndione kuti azindikira liti. Sindinayankhe funso, sindinapereke moni, pa nkhomaliro ndinkakhala ndekha pafupi ndi mabini. Mukudziwa masiku angati, achemwali? Makumi awiri ndi atatu. Pa tsiku la makumi awiri ndi anayi mnyamata wina anandiyankhula. Anati, 'Tasuntha, ukutchinga.' Anthu mazana anayi, onse akuseka, onse akuitanana mayina. Ine ndimalowa m'mawa ngati mphepo n'kutuluka ngati mphepo. Kuno n'kwabwino. Kuno ndikakhala chete, n'chifukwa kulibe munthu."

Pakhomo pathu pomwe, kodi ndinazindikira? Ine ndinkangowerenga matewera.

4. Zimene ananena amalume

Amalume anatsamira chitsulo chawo. Anayandikitsa khutu lawo labwino pawindo, kenako anayankhula mokweza monga amachitira anthu ogontha.

"Wamaliza? Tsono undimvere ine. Ndinasiya sukulu ndili ndi zaka 14. Kwathu tinkayankhula chinenero cha makolo athu, ndipo Chingerezi changa chinali chokhota. Tsiku lina ndikuwerenga, kalasi yonse inaseka, aphunzitsi nawo n'kubisa pakamwa ndi buku. Ndinatuluka. Ndinati ndiwakhaulitsa, adzandifuna. Ndinapita kunkhalango kukadula mitengo, ndikumadikira kuti wina abwere kudzandipepesa. Mphwanga, ndadikira zaka makumi asanu. Sanabwere munthu. Mpando wanga anapatsa mwana wina sabata yomweyo.

"Sindikuti anthu aja ndi abwino. Mwina ndi ogontha kuposa ine. Koma ukawathawa, iwo sataya kanthu. Wotaya ndiwe. Umapeza kamalo kofunda, n'kumati pano pokha ndiye pabwino, osadziwa kuti kufundako ndi kumene kukukumiza. Taona pamene waimapo. Ndani wakutsekera? Aphunzitsi? Anzako aja? Moto wako womwe.

"Ndipo usandinamize kuti ukusunga chitseko cha bambo ako. Bambo akowo ankayeza msinkhu wako chifukwa ankafuna uzikula. Sanalembe mizere ija kuti udzakhale kuseri kwake. Koma chitseko n'chanu, si changa. Ukati chitsulo, ndiyamba ndi chitsulo, ndipo sindidzakunenanso."

Amalume anadikira pang'ono, kenako anakweza chitsulo n'kuyamba kugumula. Go! Go! Go! Tizidutswa tating'ono ngati mchere tinkadumpha. Atamenya kakhumi, anali atakumba kadzenje kosakwana chikhatho.

Ndinayang'ana wotchi ya amalume. Mphindi khumi ndi zisanu zinali zitapita.

Ndinaika pakamwa pawindo.

"Curtis, ine sindidziwa kulalikira. Ndikuuza za basi basi. Basi ya sukulu imadutsa pamsewu 7 koloko itangokwana. Ine nthawi imeneyo ndimakhala pasinki. Ndimaimva ikuima, ndimaimva ikutseka chitseko, ndimaimva ikupita. Zaka ziwiri tsopano, tsiku lililonse. Heidi ndimamukonda, usandimve molakwa. Koma basi ija siidzaimanso chifukwa cha ine. Iwe ikukuimirabe. Mpaka 2 koloko."

"Inu munali ndi anzanu," anatero. "Inu ankakudziwani."

"Ankandidziwa, eya. Ndi angati anabwera kudzaona mwana? Tawerenga, uli ndi zala."

Go! Go! Go!

Nkhope ija inachoka pawindo. Ndinasuzumira. M'katimo munali mdima, koma ndinamuona ataima kutsogolo kwa chitseko, akuyendetsa chala pa mizere ya pensulo, kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Mzere womaliza unkamufika pachibwano.

"Amalume!" anaitana.

Amalume sanamve. Ndinawagwira mkono.

"Amalume, dulani," Curtis anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati dulani! Koma yambirani kumanzere. Kumanja kuli nsomba yanga yoyamba."

"Pita kukona, tseka maso."

Macheka analira mpaka nyanja yonse inayankha. Utuchi unawaza pa ayezi. Thabwa lalikulu ngati tebulo la m'kalasi linagwera m'kati, ndipo Curtis anatulukira pabowopo chokwawa, akulikoka pambuyo pake. Sanathe kuima bwino. Tinamukhazika pa kangolo kaja, ine ndi amalume n'kumukoka ngati thumba la mbatata.

5. Mu ofesi

Tinalowa pachipata cha sukulu kutatsala mphindi zinayi. Amalume anatsala m'galimoto. Anati fungo la choko limawayambitsabe chifuwa.

Curtis analowa ndi thabwa lake kukhwapa, utuchi uli m'tsitsi, atavala masokosi a amalume ndi nsapato zonyowa. Ine ndinali ndi phala la Heidi paphewa. Makonde aja sanasinthe. Ndinayenda moyang'ana pansi.

Aphunzitsi aakulu, mayi Halvorsen, anatsegula chitseko okha.

"Rhonda Koskela!" anatero. "Mwana akukula?" Kenako anatembenukira kwa Curtis, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga uyu ndi ndani, wakuperekeza?"

Ndinamva Curtis akuuma thupi lonse pambali panga. Phazi lake linatembenukira kukhomo. Ndinafuna kumugwira jekete, koma ndinabweza dzanja. Munthu sungamukoke kawiri tsiku limodzi.

Kenako anatsitsa thabwa lija n'kulitsamiritsa pa desiki.

"Ndine Curtis," anatero, mawu akutuluka mosasa. "Amene munamulembera kalata. Ndakhala pasukulu pano zaka zitatu."

Mayi Halvorsen anafiira nkhope. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Khala pansi, Curtis," anatero. "Kusakudziwa n'kulakwa kwanga, ndipo ndavomera. Koma kujomba n'kwako. Ndakhala pampando uno zaka zambiri. Ana amene amandivuta kwambiri si aphokoso ayi, amenewo ndimawadziwa ndi mayina a agalu awo omwe. Amene amanditayika ndi ofatsa ngati iwe. Amachoka mwakachetechete, ndipo pamene ndizidzazindikira madzi atayika kale. Sindikufufuta. Koma kuyambira Lolemba mpaka Juni usajombe ngakhale tsiku limodzi. Masamu ndi sayansi walephera kale, udzabwereza pa tchuthi anzako akusambira. Ndipo m'mawa uliwonse uzidzayamba wagogoda pano n'kundiuza dzina lako, mpaka nditopa nalo."

Anatulutsa pepala n'kundipatsa.

"Ili asaine mayi anu. Osati iwe, Rhonda. Dzanja lako ndimalidziwa. Lifike Lolemba m'mawa, apo ayi zonse tanenazi zafa."

6. Zimene zinapita

Tsopano ndiwerenge zimene tsiku limenelo linadya, poti wina aziwerenga ndithu.

Buku la masamu linapsa. Zala ziwiri za kuphazi la Curtis zinatupa matuza, ndipo adokotala anati zizidzamupweteka nyengo yozizira iliyonse moyo wake wonse. Tchuthi chake chinapita. Amalume anadzipweteka msana pokoka kangolo. Matewera anayi anathyoka pachingwe ndi mphepo, kuthyoka ngati mabisiketi.

Pa zolemba za bambo, Curtis anapulumutsa za pakati. Nsomba yake yoyamba ilipo. Macheka anadutsa pa mzere wanga wa zaka 12, ndipo mawu amene bambo analemba pambali pake anasanduka utuchi. Sindikumbuka kuti ankati chiyani.

Kanyumba nako sikanapulumuke. Tinyumba tonse timayenera kuchoka panyanja ayezi asanayambe kusweka, ndipo ka bambo kanali katagwidwa ndi ayezi moti ngakhale thirakitala sikanakazula. Kopanda chitseko, amalume anati kadzaza chipale usiku umodzi. Atangotitula kunyumba pamodzi ndi Heidi anaitana anzawo awiri, n'kubwerera kukakadula zidutswazidutswa dzuwa lisanalowe.

Ine ndinaphika mbatata ndi nyama yogaya. Curtis anakhala pafupi ndi mbaula, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, thabwa lija litabisidwa kuseri kwa mpando. Pepala losaina linali m'thumba la epuloni yanga.

"Muwauza ndinu?" anandifunsa.

"Ayi, bwana. Pakamwa pako patseguka lero. Pasatsekekenso."

5 koloko isanakwane tinamva galimoto ya amayi. Masiku onse amazimitsa injini n'kukhala kaye pang'ono. Tsiku limenelo chitseko cha galimoto chinamenyedwa nthawi yomweyo.

Analowa osavula nsapato, osapukuta chipale. Sanamuyang'ane Heidi amene ankawakwezera manja. Anayang'ana ine, anayang'ana beseni, kenako anayang'ana Curtis.

"Ndaima pamsewu wa kugombe," anatero. "Kanyumba ka bambo anu kali kuti?"

Curtis anatulutsa mapazi m'madzi, n'kupisa dzanja kuseri kwa mpando.